Bere Linapita, Ine Ndinatsala

Abale ndi alongo anga mwa Khristu, kulikonse kumene mawu awa akupezani, landirani moni wochokera kuno ku Liwaladzi. Ine ndine mphunzitsi wa pa pulayimale, mayi wa mwana mmodzi, ndipo ndinakulira mu mpingo wa Angilikani monga anakuliramo amayi anga. Kuno amanditchula kuti Madamu, ena amati amayi a Tadala. Ndafuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinadwala khansa ya m'mawere, mmene ndinaibisira, mmene inanditherera nzeru, ndi mmene Mulungu anandilanditsira podzera mwa munthu amene ine sindinkamupatsa ngakhale moni. Sindikulemba ngati munthu wolimba mtima. Mantha ndinali nawo ochuluka, ndipo zina zimene ndinachita ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Ndinachipeza ndikusamba, m'nyengo yotentha ija masukulu atangotsegulira. Chinali chotupa chaching'ono ngati njere ya nzama, ku bere lakumanja, cholimba koma chosapweteka. Ndinachigwira kawiri, kenako ndinatsiriza kusamba n'kupita kuntchito ngati palibe chachitika. Mumtima ndinadziwa. Azakhali anga anamwalira ndi matenda omwewa ine ndili mtsikana, ndipo ndine ndinkawatsuka bala lawo m'mawa uliwonse mpaka tsiku lomaliza. Fungo la m'chipinda chawo ndinali ndikulikumbukirabe. Pa anthu onse amene ndinamva kuti adwala khansa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuona atachira. Choncho kwa ine dzina la matendawa ndi dzina la imfa zinali chinthu chimodzi, ndipo ndinaona kuti palibe chifukwa chothamangira kukamva tsiku.

Ndinakhala chete miyezi itatu. Amuna anga, abambo a Tadala, ndi kalipentala. Amakhoma zitseko, mabenchi ndi mafelemu a mawindo, ndipo kukagwa maliro m'mudzi anthu amathamangira kwa iwo kuti awakhomere bokosi. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba yathu. Zaka zonse za ukwati wathu phokoso la kupala matabwa silinkandisokoneza, koma m'miyezi imeneyo linayamba kundilowa m'mafupa. Tsiku lina masana ndinawapeza akuyeza matabwa a bokosi la mayi wina wa kutsidya kwa msewu, wa msinkhu wanga. Anandifunsa kuti ndiwagwirire tepi kumapeto. Ndinagwira, koma tepi inkangondipulumuka. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti mwina ndi malungo, ndikayezetse. Ndinavomera kuti inde, mwina ndi malungo.

Kusukulu ndinali ndi Sitandade 8, masamu ndi Chingerezi. Kalasi imeneyi ndinaigwira zaka zambiri, ndipo ndinkanyada nayo. Makolo akakumana nane pamsika ankati mwana wawo akafika kwa Madamu ndiye kuti sekondale yayandikira, ndipo ine mawu amenewo ndinkawamva kukoma kuposa mmene mkhristu ayenera. Ndinaganiza kuti ntchito indibisa. Ndinkafika m'mamawa, kuweruka mochedwa, kuchonga makope ngakhale osafunika kuchonga. Koma mantha sakhala pansi chifukwa choti watanganidwa. Ndinayamba kuiwala. Ndinkalemba samu pa bolodi n'kuima pakati, osadziwa kuti ndimapita kuti. Tsiku lina mtsikana wina wofatsa anakweza dzanja n'kundiuza mwaulemu kuti yankho langa linali lolakwa. Ndinamukalipira pamaso pa anzake mpaka analira, pamene wolakwa ndinali ine.  Nditatuluka ndinakaima kuseri kwa ofesi, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi ndikusanduka munthu wotani.

Sabata yotsatira ndinanama kunyumba kuti ndikupita kuboma pa nkhani za ntchito, ndipo ndinakalowa kuchipatala. Anandiyeza, anadula kanyama kakang'ono kuti akakaunike, n'kundiuza tsiku lodzabweranso. Nditabwerera, mvula inali itayamba kale. Adokotala anali mayi wodekha. Sanazungulire. Anati ndi khansa, koma sinapite patali kwambiri, ndipo njira yake ndi kuchotsa bere lonse kenako kulandira mankhwala a m'dilipi kwa miyezi ingapo. Anandilembera kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, n'kundiuza kuti ndisazengereze. Mawu oti sinapite patali sindinawamve. Ndinangomva oti kuchotsa. Ndinatuluka n'kukakhala pa benchi ya panja nthawi yaitali, kalata ili m'manja, osaona ngakhale anthu amene ankadutsa. Pofika kunyumba ndinali nditaganiza kale. Ndinaipinda kalata ija n'kuiika pakati pa buku langa la masikimu, lija lokonzeramo maphunziro. Ndinati ngati ndi kufa, ndife ndili wathunthu, pakhomo panga, osati kukadulidwa kutali n'kudzafabe.

Lamulungu la sabata imeneyo ndinapita kutchalitchi monga mwa masiku onse. Ndinaimba nawo, ndinalandira mgonero, koma mtima unali wouma ngati chikuni. Mapemphero atatha anthu anatuluka kukapatsana moni panja, ine ndinatsala m'kati. Ndinagwada, ndipo pemphero labwino silinabwere. Zimene ndinanena ndi izi: Ambuye, ine sindikupemphani kuti chotupachi chisowe. Ndionetseni munthu mmodzi yekha, wamoyo, woyenda ndi miyendo yake, amene anadwala matendawa n'kukhalapo. Mukandionetsa ndipita. Ndikudziwa kuti si pemphero lachikhulupiriro kwenikweni. Linali ngati kumuyesa Mulungu. Koma ndi limene ndinali nalo, ndipo Iye sanalinyoze.

Tsopano ndikuuzeni za amayi Zainabu. Ndi oyandikana nafe, Msilamu, wamasiye, ndipo amagulitsa mpunga pamsika wa pamsewu. Zaka zitatu m'mbuyomo mbuzi zawo zinalowa m'munda mwanga n'kudya chinangwa chimene chinali chitangophuka. Tinakumana pa mjigo tsiku lotsatira, ndipo ine ndinalankhula mawu amene sindingawabwereze pano. Sindinalekere pa mbuzi. Ndinafika mpaka pa chipembedzo chawo, pamaso pa amayi ena onse. Iwo anangosenza ndowa yawo n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo tikakumana panjira aliyense ankayang'ana kwake, ndipo mpunga ndinkakagula kwa munthu wina ngakhale wawo unali wabwino kuposa.

Lachitatu masana, nditaweruka, ndinali pakhonde ndikuchonga makope. Ndinamva odi, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona amayi Zainabu ataima pabwalo. Ndinaganiza kuti mwina nkhuku zanga zawalakwira. Ndinawapatsa mpando, koma anakana.

"Madamu, tilowe m'nyumba. Nkhani yake si ya pakhonde."

Tinalowa kuchipinda, ndipo anatseka chitseko okha. Anati anandiona kuchipatala sabata yatha, nditakhala pa benchi ya pafupi ndi chitseko chimene iwo amachidziwa bwino, chifukwa amapitako kukaonedwa. Anandipatsa moni kawiri koma sindinamve. Kenako, osanenanso zambiri, anamasula mpango wawo, n'kutsegula mabatani a bulauzi. Anatulutsa kansalu kopindapinda kamene kanali m'kati. Kumanzere kunalibe bere. Kunali chipsera chachitali, chosalala, chopola kalekale.

"Zaka zisanu ndi ziwiri zapita," anatero. "Pamudzi pano amadziwa ndi ana anga okha. Anthu ankati ndapita kwa mchemwali wanga kukathandiza matenda. Chibwerereni ndasenza matumba a mpunga, ndakwatitsa mwana, ndalera adzukulu awiri. Alhamdulillah. Gwirani, musaope."

Ndinagwira chipsera chija ndi zala zanga. Chinali chofunda, khungu la munthu wamoyo. Ndinakhala pansi, kulira kumene ndinakusunga miyezi yonse ija kunatuluka. Iwo anandisiya ndilire. Nditatonthola anandifunsa kuti kalata ili kuti. Ndinaitulutsa m'buku la masikimu. Sadziwa kuwerenga Chingerezi, koma anaizindikira.

"Iyi ndi yomweyo. Abambo a Tadala mwawauza?"

Ndinapukusa mutu.

"Muwauze lero. Ine ndinalibe mwamuna woti ndimuuze. Inu muli naye, musamulande gawo lake."

Abale anga, ine ndinapempha munthu mmodzi wamoyo. Mulungu anali ndi akhristu ambiri oti akanatha kutuma, koma anasankha munthu amene ndinamunyoza pa mjigo, ndipo anamutuma kuti adzandivulire chinsinsi chimene anachisunga zaka zisanu ndi ziwiri. 

Amuna anga ndinawauza madzulo omwewo, ali m'shedi akusonkhanitsa zida. Anamvetsera mpaka kumapeto. Sanandikalipire chifukwa chobisa. Anangofunsa kuti, "Ndiye tsiku lija munkandigwirira tepi lija munali mukudziwa?" Nditavomera anakhala pa thabwa, n'kugwira kumaso. Ndi anthu osalankhula zambiri, ndipo kwa masiku awiri ndinkaopa kuti kukhala chete kwawoko ndi kunyansidwa nane. Tsiku lachitatu anandiitanira kuseri n'kundionetsa mpando wautali miyendo, wokhala ndi kotsamira ndi popondera, umene anaukhoma kuti ndizitha kuphunzitsa nditakhala pafupi ndi bolodi. Apo ndinamvetsa kuti iwo sankaganiza za maliro anga. Ankaganiza zoti ndidzabwerera kuntchito.

Kuuza a hedi athu, a Kamanga, kunandivutanso mwa njira ina. Ndinkaopa kuti andilanda kalasi, ndipo kalasiyo ndi imene inkandipatsa dzina. Ndinayamba ndi kuwatsimikizira kuti ndidzangojomba masabata awiri basi. Iwo anandidula. Anati mayi awo aang'ono anadutsa njira yomweyo, ndipo amadziwa kuti si ya masabata awiri. Anandithandiza kulemba zofunika zonse za tchuthi cha matenda. Chingerezi anachipereka kwa mphunzitsi wina, masamu anati akhale anga, koma masiku amene sindingathe azigwira iwo eni. "Kalasi ndi yanu, Madamu," anatero, "koma ana si anu nokha. Tiloleni nafenso tigwireko." Mawu amenewa anandiwawa pang'ono, chifukwa anali oona.

Opaleshoni inayenda bwino. Amuna anga anali nane ku Lilongwe masiku onse. Koma nditabwerera kunyumba ndinakumana ndi chinthu chimene palibe ananditsina khutu. Thupi linkapola, mtima ayi. Tsiku loyamba kudziyang'ana ndekha posamba ndinatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinkasamba mothamanga ngati ndikusambitsa munthu wachilendo. Ndikaona amayi anzanga akuseka pa mjigo ndinkawachitira nsanje, ngakhale okalamba. Ndinamukwiyiranso Mulungu. Ndinkamuuza kuti ndakutumikirani chiyambire, ndaphunzitsa Sande sukulu, ndasesa m'nyumba mwanu, nanga bwanji ine. Mwana wathu Tadala, amene ali ku sekondale yogonera komweko, atabwera pa tchuthi anandipeza ndili choncho. Ndinayesa kumwetulira kuti asade nkhawa. Iye anandiuza kuti kumwetulira kwangako kukumuopsa kuposa matendawo, ndipo ndimuuze zoona. Ndinamuuza zonse, tinalira limodzi, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munatha zonamizana.

Amayi a mumpingo ndinawauza ndekha pa msonkhano wathu wa Lachinayi. Zaka zonse ndine ndinkalemba mayina a odwala oti tikawaone. Tsiku limenelo ndinaimirira n'kunena kuti dzina loti lilembedwe ndi langa. Anagawana masiku. Ena ankanditungira madzi, ena kuchapa, ena anakapalira chinangwa changa. Sindikunamizeni kuti zonse zinali zokoma. Ena ankabwera ndi nkhani za anthu amene anamwalira ndi khansa, kuzifotokoza mpaka pa tsiku loika. Wina anandinong'oneza kuti matendawa si achabe, alipo wandichita chipongwe kuntchito, ndipo akudziwa munthu wa zitsamba. Ndinaphunzira kuthokoza n'kukana. Ndinaphunziranso mawu amene ndinali ndisanawanenepo kwa mlendo, oti lero ndatopa, mubwere mawa. Koma ambiri ankangofika, kugwira ntchito, kupemphera mwachidule n'kumapita. Mayi wina wachikulire ankabwera Lolemba lililonse, kukhala pamphasa pafupi nane n'kumasenda mtedza, osalankhula kanthu. Pa alendo onse, iyeyo ndi amene ndinkamudikira kwambiri.

Mankhwala a m'dilipi ndinkalandira kamodzi pa masabata atatu alionse. Amuna anga sakanatha kusiya shedi ulendo uliwonse, choncho amayi Zainabu anati maulendo ena azindiperekeza iwo, popeza njira ndi zitseko zonse amazidziwa. Ankasiya mpunga wawo m'manja mwa mpongozi wawo. Ulendo wachiwiri unagwera m'mwezi wawo wosala kudya. Pobwerera m'minibasi munali kutentha, ine ndikusanza m'jumbo, iwo akundipukuta kumaso. Ankandisendera malalanje ndi kundimwetsa madzi pang'onopang'ono, pamene iwo sanalawe ngakhale dontho chiyambire m'bandakucha. Ndinayang'ana milomo yawo youma ija, ndipo ndinalephera kupirira.

"Amayi Zainabu, mawu aja ndinalankhula pa mjigo aja, ndinalakwa kwambiri. Mundikhululukire."

Anapitiriza kusenda lalanje. Kenako anati, "Anandipweteka, Madamu, sindikubisirani. Ndinawasenza nthawi yaitali. Koma tsiku limene ndinakuonani pa benchi paja ndinawatula pomwepo. Komanso mbuzi zija zinalakwadi."

Ndinaseka, koyamba m'miyezi yambiri, mpaka chilonda chinandikoka.

Tsitsi linayamba kuthothoka pambuyo pa ulendo woyamba. Amuna anga anandimeta lotsalalo, ndipo ndinayamba kuvala duku. Zikhadabo zinada. Chimene chinandisautsa kwambiri ndi fungo la nsomba. Tangoganizani munthu wa ku Liwaladzi amene sangapirire fungo la usipa, pamene mphepo ya kuno, msika, ngakhale makope a ana zimanunkha usipa. Sabata yoyamba pambuyo pa dilipi ndinkangogona. Yachiwiri ndinkapita kusukulu masiku awiri kapena atatu, kuphunzitsa phunziro limodzi nditakhala pa mpando wanga uja, n'kubwerera. Yachitatu ndinkakhala ngati munthu. Ana ndinawauza zoona mwachidule, kuti ndikudwala khansa, ndikulandira mankhwala, ndipo si yopatsirana. Mtsikana amene ndinamukalipira uja ndinamupepesa pamaso pa anzake, poti ndi pamaso pawo pamene ndinamulakwira. Ola limodzi la masamu limenelo linali mankhwala enanso kwa ine. Pa ola limenelo sindinali wodwala. Ndinali munthu amene akudziwa kugawa manambala, ndipo panali ana ofuna kudziwa.

Chigwa chozama kwambiri chinabwera pa ulendo wachinayi. Titafika ku Lilongwe anandiyeza n'kupeza kuti magazi atsika kwambiri, ndipo sakanandipatsa mankhwala. Anatibweza kuti tidzabwerenso pakatha masiku. Anandiuzanso kuti ndisakhale pagulu la anthu, chifukwa ngakhale chimfine chikhoza kundigwetsa. Kunali kutatsala sabata imodzi kuti ana anga alembe mayeso a boma. Zaka zonse sabata imeneyo inali yanga. Ndine ndinkabwereza nawo mafunso ovuta, ndine ndinkaima pa geti m'mawa wa mayeso kuona ngati aliyense ali ndi pensulo ndi lula. Chaka chimenecho ndinali gone m'chipinda, wosatha ngakhale kukweza kapu. Mpunga wanga wa kudambo unali utacha, mbalame zikudya. Ndinawauza amuna anga kuti ndatopa, sindibwereranso ku Lilongwe, chifukwa mankhwalawa akundipha msanga kuposa matenda.

Iwo sanatsutse. Anatuluka, ndipo posakhalitsa anabwera ndi amayi Zainabu. Ndinkayembekezera kuti andilimbikitsa ndi mawu okoma. M'malo mwake anandiuza kuti nawonso anafika pomwepo, pa ulendo wachinayi womwewo, ndipo anabisala kwa mwana wawo kuti asawatengere kuchipatala. Anati palibe cholakwika ndi kutopa. "Lero musaganize za maulendo onse otsala. Lero mumwe phala ili basi. Za mawa tidzakambirana mawa, insha Allah." Ndinamwa phala. Mawa lake anabweranso, ndi mkuja lomwe.

M'mawa wa tsiku loyamba la mayeso ndinadzuka ndi chisoni chachikulu. Ndinapemphera kuti, Ambuye, ana aja ndawapereka m'manja mwanu, poti m'manja mwanga mulibe kanthu. Chapakati pa m'mawa ndinamva nyimbo ikuchokera kunjira ya kudambo. Amuna anga ananditsogolera mpaka pakhomo. Ndinaona mzere wa amayi atasenza mitolo ya mpunga wanga, amayi a mumpingo ndi amayi a ku mzikiti atasakanikirana, ena maduku, ena mipango yaitali. Anali atapangana pa mjigo popanda kundiuza, ndipo anamweta munda wonse. Anaupuntha pabwalo panga tsiku lomwelo. Sanalowe m'nyumba chifukwa anauzidwa za magazi anga. Ankangondikwezera dzanja ali patali. Madzulo a Kamanga anaima pawindo n'kundiuza kuti ana onse afika pa nthawi yake, palibe anaiwala pensulo, ndipo pepala layenda bwino. Ndinadabwa kupeza kuti sindinakhumudwe kuti zayenda popanda ine. Ndinamva ngati munthu wanditula katundu amene ndinamusenza zaka zambiri osadziwa kuti ndi wolemera. Sabata yotsatira magazi anakwera, ndipo ndinapita kukalandira mankhwala. Ndinamaliza maulendo onse.

Mwera utatha anandijambula m'thupi n'kundiyezanso magazi. Adokotala anati sakuona kanthu kotsalira. Sananene kuti zatheratu mpaka kalekale, ndipo inenso sindikunamizani choncho. Ndimapita kukaonedwa pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo sabata yoti ndipite mantha amabwerera. Kusiyana kwake n'koti tsopano ndimanena. Ndimawauza amuna anga kuti ndikuopa, ndimawauza amayi a Lachinayi kuti andikumbukire, ndipo nthawi zambiri tsiku langa timaligwirizanitsa ndi la amayi Zainabu kuti tipitire limodzi. Iwo ndi amene anandilola kuti ndilembe nkhani yawo pano. Anati anaibisa mokwanira, ndipo ngati ingathandize mayi wina, ilembedwe. Zotsatira za mayeso zitatuluka, ana ena anasankhidwa kupita ku sekondale, ena sanasankhidwe, monga zimakhalira chaka chilichonse. Tsitsi linamera, lofewa ngati la khanda, ndipo lambiri ndi imvi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ulemu la munthu wamantha. Ndikuthokoza abambo a Tadala, amene chikondi chawo amachilankhula ndi manja. Ndikuthokoza a hedi ndi aphunzitsi anzanga, madokotala ndi anamwino amene anandisamalira, amayi a mumpingo, amayi a ku mzikiti, ndi mlongo wanga Zainabu. Ndimawatchula choncho tsopano, ndipo iwo amavomera.

Inu amene mukuwerenga muli ndi kanthu m'thupi kamene simunauze munthu, ndikukupemphani, pitani kuchipatala sabata ino. Miyezi imene ine ndinakhala chete ikanatha kundidyera moyo, ndipo ndi chisomo chokha kuti sizinatero. Pemphero ndi chipatala si adani. Amene muli pakati pa mankhwala ndipo mwatopa, kutopako si kusakhulupirira. Uzani munthu mmodzi, mulole akutungireni madzi, ndipo musadziweruze pa masiku amene simungathe kupemphera, chifukwa ena akukupemphererani. Amene muli pantchito, gwirani imene mungathe, yotsalayo musiyireko anzanu. Ndipo inu athanzi, mukamva kuti mnzanu wadwala, musadikire kupeza mawu abwino. Pitani mukasese pabwalo pake.

Ine ndabwerera kuntchito masiku onse asanu, ndipo ndili ndi Sitandade 8 yatsopano. Dzanja langa lamanja silikwera monga kale, moti pamwamba pa bolodi sindifikapo. Ndimayambira kulemba pakati. Poyamba ndinkaopa kuti malo azindichepera, koma samu iliyonse imene ndalemba chibwerereni yakwana. Ambuye akusungeni nonse.